Apongozi akubwera kuchokera ku Lilongwe, ndikawaonetse kuti muno mu Lusaka kupatula ma mall?

Amake Taonga, Kabwata

Muli bwanji nonse abale anga. Ndithandizeniko nzeru. Apongozi anga, abambo ndi amayi omwe, akubwera sabata ya mawa kuchokera ku Lilongwe, abwerera ukwati wa mlamu wanga koma akhala mpaka Independence ya pa 24 October idutse. Ukwati ndi pa Loweruka, ndiye masiku enawo adzangokhala pakhomo, ndipo inu mukudziwa mmene October amatenthera muno, munthu wamkulu kumusunga m'nyumba tsiku lonse malaiti atapita si ulemu ayi.

Abambowo anali aphunzitsi zaka zambiri ndipo mbiri amaikonda kwambiri, pa foni andiuziratu ati amake Taonga ine za ma mall ayi, masitolo ku Lilongwe aliko, ine ndikufuna ndikaone pamene dziko lanu linayambira. Atate ake Taonga amachoka m'mawa kubwera usiku ndiye ntchito yonse yagwera ine. Malo amene ndikuwadziwa ndi Freedom Statue poti timaidutsa pa basi popita mu tauni, ndi Kabwata Cultural Village chifukwa ili pafupi ndi kwathu.

Ndiye funso langa ndi lakuti ndiwatengere kuti ndi kuti, tsiku limodzi lingakwane kapena tigawe, komanso amayi ali ndi vuto la mawondo sangayende mtunda wautali kapena kukwera masitepe ambiri. Galimoto tilibe. Ndikufuna akabwerera kwawo akanene kuti mpongozi wathu anatisamala.

Aphunzitsi Opuma, Libala

Amake Taonga mwachita bwino kufunsa, ndipo apongozi anuwo ndi munthu woganiza. Ine ndinaphunzitsa mpaka kupuma, ana a sukulu ndinkawatengera malo amenewa chaka ndi chaka, ndiye ndikuuzani mmene ndimaonera ine.

Yambani ndi Chilenje House 394. Musayambe ndi mu tauni ayi. Kuchoka ku Kabwata ndi pafupi kwambiri. M'nyumba imeneyi ndi mmene a Kenneth Kaunda anakhala ndi Mama Betty ndi ana kuyambira January 1960 mpaka December 1962, ndiye kuti analowamo atangotuluka m'ndende. Paja chipani chawo cha ZANC, chimene anayambitsa mu 1958 atapatukana ndi a Harry Nkumbula, boma la atsamunda linachitseka mu March 1959, mwezi womwewo umene ku Nyasaland anamanga a Kamuzu. Nkhani imeneyo apongozi anu akuidziwa kuposa ine, inu mungowakumbutsa mudzaona mmene adzayankhulire. A Kaunda potuluka anapeza a Mainza Chona ndi anzawo atayambitsa UNIP, ndipo anawapatsa mpando. Ndiye zija timamva za Cha Cha Cha mu 1961, anthu kutseka misewu ndi mitengo kumpoto uko, kutentha zitupa, mtsogoleri wake ankagona m'kanyumba kameneka.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi kuchepa kwa nyumbayo. Ndi nyumba wamba ya mu komboni, tizipinda ting'onoting'ono, katundu wakale anamubwezeretsa mmene zinalili nthawi imeneyo. Tsiku lina kamtsikana kena ka Grade 7 kanayang'ana kuchipinda, kanayang'ananso pabalaza, kenako kanandikoka malaya ati aphunzitsi nanga ana onse aja ankagona pati, nanga alendo a chipani akabwera usiku ankakhala pati. Funso limenelo ndi limene munthu aliyense amafunsa akalowa muja, ndipo ukalifunsa wayamba kumvetsa kuti ufuluwu anaumenyera ndi anthu osauka ngati ife tomwe, a lendi ndi ngongole ya pa kantini. Panja pali Land Rover yakale imene ankayendera pokopa anthu, ndipo nyumba yoyandikana nayo, 395, muli zithunzi ndi mbiri. Palibe masitepe ovuta, amayi adzayenda bwinobwino.

Muwauzenso apongozi kuti bambo ake a Kenneth Kaunda, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland konko, a mishoni ya Livingstonia ndi amene anawatuma ku Chinsali kumene kuli Lubwa. Ndipo nkhani ya makolo yomweyi ndi imene inawatsekera a Kaunda njira mu 1996, pamene malamulo anasinthidwa kuti woima pa upulezidenti makolo ake onse akhale obadwira muno. Ife a kum'mawa amene malire anatidula pakati nkhani imeneyi imatikhudza, amalume ku Mchinji azakhali ku Chipata, mfumu yathu imodzi Gawa Undi.

Mukachoka ku Chilenje bwerani ku Independence Avenue pa Freedom Statue, koma chonde tsikani, kuonera pa windo la basi sikuona. Chipilala chimenechi anachiimika mu 1974 pamene dziko linakwanitsa zaka 10, anachiumba ndi mzungu wa ku Britain James Butler, ndipo munthu akudula maunyolo uja ndi chithunzi cha a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, mmodzi wa achinyamata a UNIP amene anamangidwa nthawi ija. Mukaima pansi pake ndi pamene mumaona misempha ya m'manja ndi maunyolo akulendewera. Chakhala chikuoneka pa ndalama zathu zamapepala zaka zambiri, ndipo pa 24 October ndi pa 25 May, Africa Freedom Day, ndi pamene akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa.

Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum, anaitsegula mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za akatswiri athu, koma za mbiri ndi chikhalidwe zili pamwamba, ndiye amayi mwina adzakhale pansi apume abambo akwere ndi inu. Pamwambapo pali za m'midzi, za nthawi ya atsamunda, za ndale mpaka 1964, ndi mbali ina ya zithumwa ndi zaufiti imene ana anga a sukulu ankakanirira osafuna kuchokapo.

Chinthu chimodzi chimene ndimafuna mlendo aliyense amvetse ndi chakuti mzinda uno anaukonza mogawa anthu. Lusaka anayamba ngati poima sitima mu 1905, dzina ndi la mfumu Lusaaka imene inali ndi mudzi cha ku Manda Hill, ndipo likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Pokonza mapulani, pamtunda paja pa Ridgeway, misewu yotakata ndi mitengo ya maluwa, anaikapo maofesi a boma ndi nyumba za azungu. Anthu akuda anawakankhira kumunsi kuno, Kabwata, Chilenje, ndi Matero mbali inayo. Tinyumba tozungulira ta udzu ta pa Cultural Village kwanuko si tokongoletsa ayi, ndi totsala mwa nyumba zimene atsamunda anamangira antchito aamuna obwera okha popanda mabanja, zambiri anagwetsa m'ma 1970 pomanga ma flat. Ndipo pa Cairo Road masitolo ambiri ndi mabutchala munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankagulira pa kawindo kumbali, wosasankha, chimene wapatsidwa ndi chomwecho. A Kaunda analeka kudya nyama chifukwa cha chipongwe chimenecho ndipo sanabwererenso. Mukawauza zimenezi muli m'galimoto, msewu womwe mumadutsa tsiku ndi tsiku udzaoneka wina.

Dalaivala wa pa Chilimbulu

Amake Taonga aphunzitsi akamba zonse ine ndingowonjezako za kayendedwe poti ndiye ntchito yanga. Ndi amayi a mawondo minibasi iwalani, mudzavutika chabe, kukwera kutsika kukwera kutsika ndi ma ngwang'wazi kukukokani pa Kulima Tower, ndipo malo ngati Embassy Park basi imakusiyani patali pang'ono. Pezani taxi imodzi mugwirizane mtengo wa theka la tsiku iziyembekeza pa geti paliponse, kapena muziitana Yango, taxi ya pa foni ija, malo ndi malo poti mitunda yake ndi yaifupi.

Ubwino wake zambiri zili pa msewu umodzi. Independence Avenue imayambira pa Kafue Roundabout pamene pali Findeco House, ija yaitali ya 23 floors, kukwera flyover, Kamwala, Government Complex pamene pali Freedom Statue ndi museum, Civic Centre, makhoti, Cathedral ya Anglican, Cabinet Office ndi Embassy Park, State House mpaka Woodlands. Manje inu muchoke pakhomo ma 08:30 jam ya ku ntchito itachepa, Chilenje poyamba monga anenera aphunzitsi, mutulukire ku Woodlands mutsike ndi Independence Avenue kulowera mu tauni, ndiye kuti Embassy Park, Cathedral, kumalizira museum dzuwa litakwera poti muja muli mthunzi. Ikamakwana 13 mwamaliza, mukadye nsima pa Cultural Village kapena kunyumba. Mu Cairo Road masana musalowe, ngati abambo afuna kuona Findeco ndi siteshoni ya sitima yakale pitani pa Sande tikatuluka mu tchalitchi, tauni imakhala phee mutha kuyenda pang'onopang'ono.

Chenjezo lalikulu ndi ili, podutsa pa State House ndi pa ma barracks foni m'thumba. Osajambula, osaimika galimoto, osaloza ndi chala. Alendo ambiri sadziwa amangotulutsa foni poona mpanda wautali ndi asilikali. Pa Cabinet Office naponso funsani kaye kwa amene ali pa geti musanajambule.

Za kulipira, malo ngati museum, Chilenje House ndi Embassy Park pamakhala kandalama ka pa geti ndipo mtengo wa nzika umasiyana ndi wa alendo akunja, ndiye inu tengani reg yanu, chitupa cha unzika chija, apongozi atenge mapasipoti, ndipo mukhale ndi kacash m'manja musadalire mobile money yokha. Madzi akumwa ndi ambulera ya amayi musaiwale. Tsiku la 24 lenilenilo misewu ya kufupi ndi Freedom Statue amatseka m'mawa, ndiye ulendo wanu uchitike lisanafike tsikulo.

Chipolopolo Mpaka Kale, Matero

Pepani akuluakulu koma mwaiwala malo amene kwa ine ndi oyamba. Heroes Acre. Munthu sanganene kuti waona Lusaka asanaime pa manda a anyamata athu kunja kwa Independence Stadium.

Amake Taonga ngati apongozi anu anali ndi wailesi mu 1993 nkhaniyi akuidziwa, ku Malawi nakonso anthu analira. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege ya Buffalo ya Zambia Air Force inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville ku Gabon, timu ikupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal mpira wa World Cup. Anthu 30 onse anathera pomwepo, osewera 18, makochi, akuluakulu a mpira, mtolankhani ndi oyendetsa ndege. Godfrey Chitalu amene anali kochi, Alex Chola, goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Kelvin Mutale mnyamata amene anali atangoyamba kumene kugoletsa. Kaputeni Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa anali ku PSV ku Holland, amayenera kukakumana nawo konko.

Ine ndinali mwana wa sukulu, ndimakumbuka bambo anga atakhala pa mpando panja wailesi ili pa mwendo, nsima inazizira pa tebulo palibe anaigwira, ndipo tsiku la maliro msewu wochokera ku eyapoti anthu anaima mbali zonse azimayi atavala zitenje akulira mokweza. Mpaka lero ndikapita paja ndimawerenga maina onse mmodzimmodzi, manda ali mondondozana ndipo pakati pali chipilala, sipatenga nthawi yaitali ndipo ndi pathyathyathya amayi sadzavutika.

Ndiye mukawerenga maina muwakumbutse abambo za 12 February 2012, fainolo ya Africa Cup mu Libreville momwemo, ife ndi Ivory Coast ya Drogba, mapenate 8 kwa 7, Stoppila Sunzu kumenya yomaliza. Timu isanasewere inapita kaye kugombe kukaponya maluwa m'madzi. Ine za mpira ndaonera zambiri koma usiku umenewo Matero yense anali pa msewu, agogo ndi makanda omwe.

Komanso aphunzitsi andivomereze, Independence Stadium yomweyo ndi pamene mbendera ya Britain inatsika ndi yathu kukwera pakati pa usiku kulowa 24 October 1964. Ndiye ngati abambo akufuna pamene dziko linayambira, ndi pamenepo penipeni. Pambali pake pali National Heroes Stadium yatsopano ija anatsegula mu 2014. Ndi ku Great North Road, mbali ina ya tauni kusiyana ndi kumene akunena adalaivala, ndiye likhale tsiku lachiwiri. Mukafika kuno ku Matero kulinso nyumba nambala 3144 imene inali ofesi ya UNIP masiku oyambirira, anthu ambiri ngakhale a konkuno saidziwa.

Nachisale wa ku Area 25, pano ndili ku Chelstone

Achemwali amake Taonga, ine ndine wa ku Lilongwe ndinakwatiwa kuno, ndiye ndikudziwa chimene apongozi anu adzachite, chilichonse adzachiyerekeza ndi kwathu. Mayi anga atabwera ndinawatengera ku Embassy Park ndipo mpaka lero amaikambabe.

Kwathu paja a Kamuzu ali okha pa mausoleum yawo ku City Centre, a Bingu ali ku Ndata ku Thyolo. Kuno anaganiza zowaika malo amodzi, moyang'anana ndi Cabinet Office. Anayamba ndi a Levy Mwanawasa amene anamwalira ku France mu August 2008 ali pa mpando, kenako a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata amene anamwalira ku London mu October 2014 patangopita masiku ochepa dziko litakondwerera zaka 50, a Kaunda mu 2021 ali ndi zaka 97, ndi a Rupiah Banda mu 2022. Chimene chimasangalatsa ndi chakuti manda aliwonse anawamanga mofotokoza mwini wake. A Mwanawasa ali ngati mpando wachifumu wa miyendo inayi poti anafera pa udindo. A Chiluba ali ngati kachalichi ndi mtanda pamwamba, paja ndi iwo analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo nsanamira zake 10 ndi zaka zimene analamulira. A Sata anatengera kachisi wa Solomo ndipo pali Malamulo Khumi. Pamakhala wofotokoza, mufunseni mafunso musachite manyazi, abambo aphunzitsiwo adzamufunsa mpaka atope. Ena mwa manda ali ndi masitepe ochepa, amayi atha kuonera pansi.

Mayi anga chimene chinawakhudza ndi kuona a Kaunda ndi a Chiluba atagona bwalo limodzi, anthu amene analimbana koopsa, mpaka a Kaunda kumangidwa pa Khirisimasi mu 1997. Anaima nthawi yaitali osayankhula kenako anapempha kuti tipemphere.

Tsidya la msewu pali Cenotaph, chikumbutso cha asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu, abambo adzakumbukira chipilala chathu cha ku Area 18 ndi cha KAR ku Zomba. Ndipo Cathedral of the Holy Cross musaidumphe ngakhale simuli a Anglican. Kunja imaoneka ya simenti chabe koma mukalowa m'mawa dzuwa likuwomba magalasi amitundumitundu aja, kuwala kofiira ndi kwabuluu kumagwera pa mabenchi ndi pansi ponse, ndipo muli kozizira bwino, amayi akhoza kukhala apume. Inamalizidwa mu 1962. Ngati ndi a Katolika apite nawonso ku Cathedral of the Child Jesus pa Pope Square, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachitira Misa mu May 1989, ulendo womwewo umene anafikanso kwathu ku Malawi.

Mwana wa UNZA

Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono, mundikhululukire akuluakulu. Embassy Park ndi yokongola inde koma ine ndikaona simenti ndi matailosi onse aja ndimaganiza za anthu ena amene anamenya nawo nkhondo yomweyi ndipo palibe amawatchula tikamayendetsa alendo. Mama Julia Chikamoneka anavula pamaso pa nduna ya atsamunda Iain Macleod pa eyapoti mu 1960, mayi wamkulu, kuti dziko lonse lione mkwiyo wa azimayi. A Simon Kapwepwe, a Nkumbula amene anayamba zonsezi a Kaunda asanatchuke. Tikangoonetsa manda a mapulezidenti mlendo amapita akuganiza kuti mbiri yathu ndi ya anthu a ku State House okha.

Ndiponso chimene Lusaka amadziwika nacho kunja ndi chakuti unali mzinda wa othawa nkhondo ndi omenyera ufulu a maiko ena. ANC ya ku South Africa likulu lake linali muno zaka zambiri, nyumba imene a Oliver Tambo ankakhala ku Great East Road cha ku Chelstone kuno anaikonza ndi kuitsegula mu 2017 ngati chikumbutso. A Mandela atatuluka m'ndende mu February 1990, mwezi usanathe anali atafika kale mu Lusaka. A Joshua Nkomo ankakhala muno ndipo asilikali a Rhodesia anabwera kudzaphwanya nyumba yawo mu April 1979, mkati mwa mzinda. Anthu athu anafa ndi mabomba chifukwa chosunga alendo amenewa, milatho inagwetsedwa, katundu anasowa m'masitolo malire a kumwera atatsekedwa mu 1973. Agogo anga amakamba za mizere ya sopo ndi saladi.

Ndiye amake Taonga tsiku lachiwirilo mukachoka ku Heroes Acre dzerani ku Great East Road. Muone Parliament pa Manda Hill, ija ya mkuwa pamwamba, inatsegulidwa mu 1967, kenako Mulungushi Conference Centre imene a ku Yugoslavia anaimanga mothamanga m'miyezi yochepa kuti ilandire msonkhano wa Non-Aligned mu September 1970, a Tito ndi a Indira Gandhi anabwera. Kulowa mu Parliament kumafuna kupempha pasadakhale ndi kuvala bwino, koma ngakhale kuonera panja abambo adzakhutira.

Aphunzitsi Opuma, Libala

Mwana wanga wa ku UNZA wanena zoona ndipo sindikutsutsa, maina amenewo azitchulidwa. Koma Embassy Park asaichotse pa ulendo. Chimene Nachisale wanena cha a Kaunda ndi a Chiluba chili ndi chiyambi chake pa Cathedral pomwepo. Mu June 1990 anthu anachita zipolowe mtengo wa ufa utakwera, ambiri anafa, kenako Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, zinatha m'maola ochepa koma aliyense anaona kuti chipani chimodzi chafika kumapeto. Mu July 1991 pamene UNIP ndi MMD, chipani chotsutsa cha a Chiluba, anakanganirana za malamulo atsopano mpaka MMD kuopseza kuti sidzalowa masankho, atsogoleri a mipingo anawakhazika awiriwa pansi mu Cathedral ya Anglican ija. Pa 31 October tinavota, a Kaunda analuza ndipo anachoka mwamtendere atalamulira zaka 27. Ku Malawi referendamu inabwera mu 1993. Apongozi anu adzafuna kuima m'nyumba imene zimenezo zinakambidwa, ndikukutsimikizirani.

Ndipo wa ku Matero, pa za mbendera wandikumbutsa bwino, pamenepo ndavomera ndi manja awiri.

Amake Taonga, Kabwata

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni, ndalemba zonse m'kabuku. Ndaganiza motere, Lachiwiri Chilenje House, Embassy Park, Cathedral, Freedom Statue ndi museum monga anenera adalaivala. Lachitatu amayi apume mawondo, madzulo ndingowatengera pa Cultural Village agule tinthu topita nato kwa adzukulu, ndipo za tinyumba tija ndikawafotokozera mmene mwandiuzira aphunzitsi. Lachinayi Heroes Acre, Parliament ndi Mulungushi. Taonga ndi mng'ono wake ndiwatenganso tsiku limodzi akamve agogo awo akufotokoza. Ndawaimbira abambo usiku uno, nditangotchula Chitalu anayamba okha kutchula maina a timu yonse.

Funso lomaliza, nyumba ya a Tambo ija munthu amangofika kapena mpaka kupangana kaye? Nanga pa 24 penipeni tingapite kukaonera kuika maluwa ndi anthu achikulire kapena tionere pa TV?

Dalaivala wa pa Chilimbulu

Ya a Tambo funsani kaye a National Heritage Conservation Commission, ndi amene amayang'anira malo amenewa, mukafika pa Chilenje House Lachiwiri afunseni omwewo akuuzani tsiku labwino. Pa 24 ndi amayi a mawondo ine ndikuti TV, galimoto imakusiyani kutali ndipo mudzaima padzuwa nthawi yaitali. Koma madzulo ake ma 16 misewu akatsegula pitani, nkhata zimakhala zikadali pomwepo ndipo anthu amakhala atachepa, abambo adzajambulitsa bwinobwino.